Wamisala Adaona Nkhondo

Wamisala adaona nkhondo. Mwambiwu ndi waufupi, koma kumbuyo kwake kuli mudzi wathunthu umene udatha psiti. Akuluakulu amasimba kuti munthu wina wozungulira mutu, amene ankangoyenda peyupeyu kutchire anzake ali kuminda, adaona adani akutsika phiri ndi mikondo. Adathamangira kumudzi akukuwa kuti nkhondo, nkhondo! Amayi adaimitsa misi pang'ono, namuyang'ana, napitiriza kusinja. Amuna pabwalo adaseka chikhakhali, nabwerera ku bawo. Pamene dzuwa linkalowa kudalibenso wina woti n'kuseka.

Kawirikawiri mwambiwu timauponya pochenjezana kuti tisanyoze mawu a munthu chifukwa cha nsanza zimene wavala. Zimenezo n'zoona. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi china. Bwanji nkhondoyo adaiona iyeyo, osati nduna za mfumu kapena alonda a mudzi? N'chifukwa chakuti iye yekha ndiye adali kunja. Adalibe munda womumanga mwendo, adalibe mpando pabwalo woti auteteze, adalibe mwana woti adzakwatiwe kubanja la mfumu. Komanso taganizani: akadakhala munthu wabwinobwino amene adalowa m'mudzi akukuwa chotero mfumu isadalamule, akadamumanga nyakula, amvekere akufuna kusokoneza anthu. Wamisala adamulekerera kuti akuwe chifukwa adali wamisala. Chimene chidamutsekula pakamwa ndi chomwecho chimene chidatseka makutu a omvera.

Umu ndi mmene ndimawaonera anthu a zisudzo m'dziko muno. Sitiwawerengera kwenikweni. Mwana akauza makolo ake kuti akufuna kukhala wazisudzo, yankho silichedwa: zamasewerazo uzichita Loweruka, koma upeze ntchito yeniyeni. Timawakonda ndithu, timawaloza mumsewu, timawaitana ndi maina a m'sewero, awo enieni osawadziwa n'komwe, koma mumtima timawaika m'gulu la oseketsa anthu basi. Chikhalirecho, mukaunguza bwino mbiri ya zaka zija Amalawi adasokedwa pakamwa, mupeza kuti ena mwa oyamba kunena pagulu kuti zinthu sizili bwino adali timagulu ta anyamata ndi atsikana opanda ofesi, onyamula zovala za sewero m'zikwama. Pakati pa timagulu timeneti pali dzina limene silingadumphidwe, la Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu la Du Chisiza Jr.

Du adabadwa mu March 1963, bambo ake ali kale m'manda. Bambowo, Dunduzu Kaluli Chisiza wa ku Karonga, adali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, munthu amene ambiri ankayembekezera kuti adzayendetsa chuma cha dziko likadzalandira ufulu. Adapezeka atafa, galimoto yake itagwera pa mlatho wa Thondwe pakati pa Blantyre ndi Zomba, mu September 1962, ndipo manong'onong'o a imfa imeneyi sadathe mpaka lero. Bambo ake aakulu a Du, Yatuta Chisiza, adali nduna m'boma loyamba, nathawa pa mkangano wa nduna wa 1964, nabwerera ndi mfuti kudzera ku Mwanza mu October 1967, naphedwa komweko. Choncho dzina la Chisiza lidali lotchula motsitsa mawu. Mwana wokula ndi dzina lotere amaphunzira msanga kuti pali zinthu zimene aliyense amazidziwa koma palibe wozinena. Du sadachite kusankha kukaima kunja kwa mudzi. Adabadwira komweko.

Luso lake lidaonekera ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre, pamene sewero lake la The Deceased's Attack lidapambana mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM mu 1982. Kenaka adapita ku Philadelphia ku America kukaphunzira za luso lomweli, ndipo atabwerako mu 1987 adakhazikitsa gulu loti lizidya za thukuta la zisudzo zokha, chinthu chimene m'Malawi chidali chisadaonekepo. Tiyang'ane chaka chimenecho. Padali patangopita zaka 4 chiphedwere Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza, dziko litauzidwa kuti idali ngozi ya pamsewu. Mu September wa 1987 yemweyo apolisi adatenga mlakatuli Jack Mapanje ku Zomba, nakamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu. Khadi la chipani ndilo linkatsekula chipata cha msika ndi khomo la basi. Ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, mwana aliyense ankaziloweza. Munthu wanzeru zake, atapeza mwayi wa ku America m'masiku amenewo, akadangokhala komweko, kapena akadabwera n'kufuna ntchito ya tayi n'kukhala chete. Mnyamata uyu, wa dzina loopsa lija, adasankha kuima pansanja pamaso pa anthu mazanamazana.

Amene sadakhalepo m'gulu la zisudzo sangadziwe mmene ntchitoyi imadyera munthu. Chuma cha gulu lotere ndi anthu ake okha. Kuyeserera kumachitika madzulo, m'kalasi yobwereka kapena kuseri kwa holo, ena atachokera kuntchito, ena asadadye chiyambire m'mawa. Yemwe ali mfumu m'sewero ndi yemweyo amene dzulo ankamata mapositala m'mitengo ndi m'zipupa za masitolo, ndipo sewero likatha ndiye anyamule mipando. Ndalama ndi za pakhomo basi. Muchotsepo za holo, za galimoto, za mapositala, zotsalazo mugawane. Mvula ikagwa Lamlungu masana, kapena kukakhala mpira waukulu ku sitediyamu, ndiye kuti sabata imeneyo mwagwira ntchito yaulere. Ku Blantyre likulu la zonsezi lidali French Cultural Centre ku Chichiri, ndipo kuchokera pamenepo gulu linkazungulira m'maholo a ku Zomba, ku Lilongwe, ku Mzuzu. Umphawi umenewu sindiutamanda, chifukwa udafooketsa anthu aluso ambiri. Koma udali ndi mbali ina: gulu lodalira ndalama za pakhomo lili ndi bwana mmodzi, ndiye woonerera, ndipo woonerera salipira kawiri kuti adzauzidwe bodza limene walimva kale pa wailesi.

Pakati pa wolemba ndi woonerera padali lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa, ndi bungwe lake la Censorship Board. Sewero lililonse loti lionetsedwe pagulu linkayenera kupita kumeneko kaye. Mapepala ankabwerako atakhwatchidwa mizere, mwina osabwerako n'komwe, ndipo masewero ena a Du adaletsedwa ndithu. Koma cholembera cha wokhwatcha chimafika pa mawu okha. Sichingakhwatche kuima kwa munthu, kukweza chikope, kapena kachetechete amene wazisudzo amasiya pakati pa mawu awiri. Papepala chiganizo chimaoneka chofatsa. Pansanja chomwecho chimaluma.

Amene adakhalapo m'maholo a masiku amenewo amakudziwa kuseka kwake. Tiyerekeze kuti pansanja pali bambo wa pabanja, wakhala pampando, ana aima chogwada mitu. Akuwauza kuti chilichonse cha m'nyumba muno n'chake, ndipo iwo ali moyo chifukwa cha chifundo chake. Akatero akhala chete, nayendetsa maso pang'onopang'ono kuchokera kwa anawo mpaka kwa oonerera. Holo yonse zii. Kenaka kumbuyo kwenikweni wina alephera kudzigwira, kaphwete kamupulumuka. Enawo saseka msanga ayi. Aliyense ayamba waponya diso kumbali kuti aone amene wakhala naye pafupi, ngati ndi munthu wamba kapena ndi mmodzi wa aja ovala jekete amene sadabwerere sewero. Akaona kuti mnzakeyo naye mapewa akugwedezeka, pamenepo ndiye holo imaphulika. Kuseka kumeneko sikudali kwa nthabwala chabe. M'dziko limene munthu ankaopa mlamu wake, mnzake wa kuntchito, ngakhale mwana wake wa mu yunifolomu ya chipayoniya, imeneyi idali njira yokhayo yodziwira kuti si iwe wekha amene ukuona zimene ukuonazo. Ulamuliro wa mantha umakhazikika pa kuchititsa aliyense kuganiza kuti wopenga ndi iye yekha. M'holo muja, kwa maola awiri, anthu mazana ankatulukira kuti onse akuona chimodzi.

Mu 1990 Wakhumbata idaonetsa Papa's Empire. Mutu wokhawo, wonena za ufumu wa bambo wina, udali wokwanira m'dziko limene munthu mmodzi ankatchedwa tate wa fuko ndi nkhoswe nambala wani, ndipo kampani yake ya Press idali ndi minda ya fodya, masitolo a PTC ndi magawo m'mabanki. Palibe dzina la munthu wamoyo limene linkafunika kutchulidwa. Oonerera ankamaliza okha chiganizo. Ndipo apa m'pamene mwambi uja umaonekera bwino, chifukwa boma likadafuna kumanga wolemba likadayenera kuvomera kaye kuti bambo wa m'sewero uja ndi uje, kumene kukadakhala kudziloza chala lokha. Kudali kwapafupi kunena kuti ndi zisudzo chabe, asiyeni ana asewere.

Sindikufuna kukuza nkhani mopitirira. Zisudzo sizidagwetse boma la chipani chimodzi. Chimene chidagwedeza dziko ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, kubwera kwa Chakufwa Chihana mwezi wotsatira, zionetsero za ogwira ntchito ku Blantyre mu May, ndi kuimitsidwa kwa thandizo la maiko akunja. Pa 14 June 1993 anthu adasankha nyali ya matipate m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pa 17 May 1994 adasintha boma. Maepiskopi adamvedwa chifukwa sadali amisala, adali anthu a mipando ndi ulemu. Koma zimene adanenazo sizidali zachilendo m'makutu a anthu. Makutuwo adali atachita kusulidwa kale ndi alakatuli, oimba ndi azisudzo, amene kwa zaka zambiri ankanena zomwezo mozungulira, pamene a mipando adali asadatsekule pakamwa.

Tsopano ndifike pamene nkhani ya Du imawawa. M'miyezi yomaliza ya boma la Kamuzu, chisankho cha 1994 chisadachitike, Du adalowa m'chipani cha MCP nalandira unduna woona za achinyamata, masewera olimbitsa thupi ndi chikhalidwe. Mwana wa Dunduzu, mwana wa Yatuta, mlembi wa Papa's Empire, adakhala pa tebulo limodzi ndi anthu amene masewero ake ankawakuta. Ambiri amene ankaseka naye m'maholo aja adagwira pakamwa.

Ndaganizapo nthawi yaitali za chinthu chimenechi, ndipo sindipeza mtima womuponyera mwala. Chipanicho adachimanga nawo ndi bambo ake. Ndipo munthu amene wakhala zaka akupempha holo, akudikira chilolezo, akuona anzake aluso akusiya zisudzo chifukwa cha njala, akauzidwa kuti bwera udzayendetse wekha za chikhalidwe, pamafunika mtima wa chitsulo kuti akane. Amene sitidayesedwepo motero tisafulumire kudzitama. Komabe chilungamo chiyenera kunenedwa. Mwambi uja sunena chimene chikadachitika mfumu ikadamuitana wamisala, n'kumusambitsa, n'kumuveka mkanjo, n'kumukhazika pambali pake. Koma tingathe kulingalira. Akadayamba kumvedwa, inde. Koma sakadapitanso kutchire kuja, ndipo nkhondo yotsatira ikadamupeza ali pabwalo pamodzi ndi anzake a bawo. Olamulira anzeru adazindikira kalekale kuti mpando umatseka pakamwa bwino kuposa ndende, pakuti wa m'ndende anthu amamumvera chisoni n'kumasunga mawu ake, pamene wa pampando amayamba kumukayikira ngakhale pa zoona zimene adanena kale.

Unduna wake sudakhalitse, popeza MCP idagonja. Du adabwerera ku nsanja, ndipo pamenepa ndimamupatsa ulemu, chifukwa ambiri akalawa galimoto ya mbendera sabwereranso kukamata mapositala. Nthawi ya matipate idabwera ndi nkhondo zake zina: katangale, ndale za pamimba, mitundu kuyang'anana ndi diso lofiira, ndi matenda a Edzi amene ankadzaza manda. Wakhumbata idapitiriza kudzaza maholo. Masewero monga Democracy Boulevard, Tatuya Futi, Kabuha Tragedy ndi De Summer Blow akadali m'kamwa mwa amene adawaona. Ng'oma yolira sikhalira kusweka. Du adamwalira pa 24 February 1999 ali ndi zaka 35 zokha, atalemba masewero oposa 20. Gertrude Kamkwatira, mmodzi wa akatswiri a gululi, adalinyamula, kenaka nayambitsa lake la Wanna-Do, nalemba masewero ngati It's My Fault, lokhudza nkhanza za m'banja, ndi Jesus' Retrial. Nayenso adatisiya mu 2006. Gulu laling'ono limaima pa msana wa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo msanawo ukathyoka palibe thumba la ndalama kapena nyumba yoti ilichirikize.

Pali funso lina limene okonda Wakhumbata sitiyenera kulizemba. Wamisala uja ankakuwa m'chinenero chanji? Masewero a Du adali a m'Chingerezi kwenikweni. Sichidali chifuniro chake yekha. Nazale ya zisudzo za m'Malawi idali mpikisano wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi, ndipo mibadwo ya ana a sekondale idakula ikuganiza kuti sewero lozama limayenera kukhala la m'Chingerezi, la m'Chichewa ndi la nthabwala. Zotsatira zake, amene ankamva mkuwowo adali aphunzitsi, makalaliki, ophunzira ndi anthu a m'maofesi. Mayi wogulitsa makala ku Ndirande, mlimi wa fodya wa pa esiteti ku Kasungu, amene ufumu wa bambo uja unkawapsinja koposa onse, adali kunja kwa holo. Ndikhulupirira kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene olamulira ankalekerera zina kudutsa.

Zimene zidachitika ku Kenya zikutsimikizira ganizo limeneli. Ngugi wa Thiong'o adalemba mabuku odzudzula boma m'Chingerezi kwa zaka zambiri ali mfulu. Koma mu 1977, pamene iye ndi Ngugi wa Mirii adakonza sewero la Ngaahika Ndeenda m'Chigikuyu, losewera alimi ndi antchito a m'mudzi wa Kamiriithu pabwalo limene adamanga okha, boma lidaletsa sewerolo, ndipo mu December chaka chomwecho Ngugi adatsekeredwa popanda mlandu. Mu 1982 apolisi adakagumula bwalolo. Mfumu siopa wamisala wokuwa m'chinenero cha alendo. Imayamba kuopa tsiku limene amayi a pamtondo aja amva n'kuika misi pansi.

N'chifukwa chake sindivomereza anthu amene amanyozera Kwathu Drama Group, gulu la Chichewa limene lidatipatsa Izeki ndi Jakobo, John Nyanga ndi Eric Mabedi, ponena kuti lidali la nthabwala za m'nyumba chabe. Nkhani ya achibale olanda katundu wa mayi wamasiye maliro asadaikidwe, ya bwana wogona ndi wantchito, ya mwamuna wobweretsa matenda m'banja, ndi nkhani ya mphamvu ndi opanda mphamvu. Ndale sizikhala ku Nyumba ya Malamulo kokha. Chimodzimodzinso Travelling Theatre ya ku Chancellor College, imene m'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, idasiya maholo n'kupita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde monga Mwima, kukakonza masewero a zaumoyo pamodzi ndi eni mudzi. Kumeneko sewero la chitsime linkaima pakati, funso n'kuponyedwa kwa oonerera, ndipo anthu amene pamsonkhano wa chipani sakadayerekeza kutsokomola ankayamba kutsutsana mokweza za amene ali ndi udindo wosamala madzi awo. Wakhumbata idali ndi kulimba mtima, Kwathu idali ndi chinenero cha anthu, Travelling Theatre idali ndi njira yopatsa oonerera pakamwa. Ndimalakalaka gulu limodzi likadakhala nazo zonse zitatu, ndipo chilakolako chimenechi sichidakwaniritsidwebe.

Lero choopsa chachikulu kwa timagulu ta zisudzo chabwera ndi nkhope yokoma. Ndi ndalama za mabungwe. Chiyambire zaka za m'ma 1990, gulu lofuna kudya limalembera bungwe, bungwe n'kulipatsa mutu wa nkhani, uthenga woti ukanenedwe, galimoto ndi alawansi. Sindinyoza ntchito imeneyi. Masewero a Edzi, a katemera, a maukwati a ana adapulumutsa miyoyo, ndipo wazisudzo nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Koma tiyeni tione chimene chatayika. Sewero lotere limadziwika mathero ake lisadayambe. Woipa amalapa, mfumu ya m'mudzi imapereka chigamulo chabwino, wazaumoyo amafotokoza mfundo zake, anthu n'kuwomba m'manja. Oonerera a m'midzi adazolowera, amadziwa kale yankho limene mlendo akufuna, ndipo amalipereka mwaulemu. Palibe amene amaponya diso kumbali asanaseke, chifukwa palibe chimene chanenedwa choti munthu n'kuchiopa. Wamisala wolembedwa ganyu amaona nkhondo yokhayo imene wamulemba ganyuyo adaiika mu bajeti. Ya mafuta osowa, ya mankhwala obedwa m'zipatala, ya minda yogulitsidwa anthu ali mtulo, ya ndalama za boma zotuluka m'mabuti a galimoto monga tidaonera mu 2013, imafuna gulu limene lingathe kutaya zonse. Magulu otere ndi ochepa, ndipo sindiwadzudzula chifukwa cha kuchepako. Ndimadzudzula ife amene timadandaula kuti zisudzo zidafa, koma pakhomo pa holo timafuna kulowa ulere.

Ngakhale malo ochitira zisudzo adatha. French Cultural Centre itatsekedwa mu 2011, mbava zidalowamo n'kusasula zimene zikadatha kusasula, ndipo ngakhale boma lidagula malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, adakhala zaka zambiri ali bwinja. Gulu laling'ono lopanda nsanja yodalirika silingakhale ndi oonerera okhazikika, ndipo lopanda oonerera limabwerera ku khomo la mabungwe lija.

Chaka chomwecho cha 2011 chidaonetsa kuti nkhaniyi sidathere mu 1994. Mafuta ndi ndalama zakunja zidasowa, aphunzitsi a ku Chancellor College adali pa mkangano wa ufulu wophunzitsa mopanda akazitape m'kalasi, ndipo pa zionetsero za pa 20 July anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Pa 24 September, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene ankadzudzula boma la Bingu wa Mutharika, adapezeka atafa pasukulupo. Apolisi adati wadzipha. Mnyamatayu adali atalemba sewero pamodzi ndi Thlupego Chisiza, mwana wa Du, mtsogoleri wa gulu la Lions Theatre. Sewerolo, lotchedwa Semo, linkanena za mtsogoleri wonga Mose, m'masiku amene otsatira pulezidenti ankamutcha Mose wa lero. Mnzake ali m'manda, Thlupego adaganiza zolionetsa ndithu. Mu December, pabwalo la Nanzikambe ku Blantyre, sewero lili mkati, apolisi adalowa n'kumutenga oonerera akuona.

Mlandu umene adamutsekulira sudali wonyoza mtsogoleri. Udali woonetsa sewero popanda chilolezo cha Censorship Board, pansi pa lamulo lomwe lija la 1968 limene linkakhwatcha mapepala a bambo ake. Maboma adali atasintha, malamulo aakulu a dziko adali atalonjeza ufulu wolankhula, koma chikwanje chakale chidali chikadali pakona, chonoledwa, kudikira woti achitole. Khoti lidamulipiritsa chindapusa n'kumumasula. Apa boma silidathenso kunamizira kuti ndi zisudzo chabe. Potumiza apolisi pansanja lidavomera lokha kuti lamva, ndipo anthu ambiri amene sakadadziwa n'komwe za sewerolo adalidziwa chifukwa cha kumangidwako.

Bingu adamwalira mu April 2012. Boma la Joyce Banda lidakhazikitsa komiti yofufuza imfa ya Chasowa, motsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, ndipo mu October chaka chomwecho lipoti lake lidanena kuti mnyamatayo sadadziphe, adachita kuphedwa. Padali patapita miyezi 10 chiimitsidwire sewero limene adalemba nawo.